Bambo a Joji Sanaiwale Kanthu

"Mwana iwe, fodya wa pamwamba pa mtolo ndi wa maso a mzungu. Ukafuna zoona, pisa dzanja pakati." Anandichenjeza motero ndi Abiti Saidi, mayi wachiyawo amene ankayang'anira atsikana mu shedi yosankhira fodya ku Raffingora, tsiku langa loyamba pa ntchito. Iwo ankanena za fodya. Ine ndinazitengera kwa anthu, ndipo ana anga amadandaula kuti ndinapyola muyeso, ati ngakhale shuga wa m'sitolo ndimayamba ndamununkhiza. Sindikukana. Koma chigawo chino cha mbiri yanga ndachilemba chifukwa nkhani ya bambo anu mwaimva mopotoka, ndipo tsopano yafika m'mafoni a anthu osatidziwa.

Kwa amene simunaone, zili motere. Mdzukulu wanga Tariro, mwana wa Joji, amajambula makatuni ku Harare pamodzi ndi anzake. M'katuniyo muli mtsikana wa mphamvu zodabwitsa, dzina lake Kamvuluvulu, amene amanyamula thirakitala ndi dzanja limodzi. Bambo ake a mtsikanayo ndi katswiri wa sayansi wovala khoti loyera, magalasi ali pamphumi koma akuwafuna m'matumba. Mphamvu za mwanayo zinabwera chifukwa bambowo anaiwala kutseka botolo la mankhwala. Tariro anandionetsa pa Khirisimasi, akuseka mpaka misozi.

"Gogo, mwawazindikira? Ndi asekuru amenewo, amuna anu! Adadi anandiuza mmene anaiwalira ntchito ku Macheke mpaka kuwalanda khoti."

Anati gawo limene akukonza tsopano lifotokoza mbiri ya bambo ameneyo, kumene anachokera ndi mmene anayambira kuiwala, ndiye ndimuuze nthabwala zina za agogo ake. Ndinamubwezera foni yake. Ndinati, "Ndikulembera."

Raffingora, chaka chimene ndinasiya sukulu

Bambo anga, a Mbewe, anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, nadzera ku Tete, ndipo sanabwererenso. Ine ndinabadwira mu komboni ya pa pulazi, ndipo kwathu ndinkangokumva m'nyimbo za anthu akaledzera. Shedi yosankhira fodya inali ndi mazenera mbali imodzi yokha kuti dzuwa lisanamize maso. Tinkaima mzere kuyambira belu la m'mawa, aliyense ndi mulu wake, kulekanitsa tsamba la mtundu wa ndimu, la lalanje, lofiirira, lobiriwira ndi lamadontho, kenako kumanga timitolo. Mzungu wa pamenepo tinkamutcha Kanunkhiza, chifukwa asanayang'ane fodya ankayamba wamuyika pamphuno. Nditatha miyezi itatu ndinapeza masamba a nkhungu atabisidwa pakati pa mitolo ya mayi wina wamkulu amene ankandipatsa mbatata masana. Ndinamuuza mayiyo kuti achotse. Anandiseka. Ndinauza Abiti Saidi. Mbatata zinatha tsiku lomwelo, ndipo shedi yonse inandipatsa dzina loti Nadiso, koma nyengo yotsatira anandiyika kumapeto kwa mzere kuti ndizipenda ntchito ya anzanga, ndili wamng'ono kwa onse. Ndinkapita kunyumba ndekha. Sizinandiwawe monga mungaganizire.

Pa sikelo panali kalaliki wamng'ono, Faisoni Chisale, wa pensulo yomangirira ndi chingwe ku batani la malaya. M'mawa uliwonse ankayeza mvula m'chitini cha nsomba kuseri kwa shedi ndi kulemba m'kabuku, popanda womutuma. Tsiku lina anandiyimitsa pa mpope.

"Chemwali, munabwera kuno Lachiwiri, mutavala duku ya madontho achikasu. Usiku wake kunagwa mvula theka la chitini."

"Ndiye mukufuna ndikulipireni?"

"Ayi. Ndimangofuna mudziwe kuti ndinalemba."

Ndinati munthu uyu ndi kazitape kapena mutu sukuyenda. Ndinamufufuza miyezi isanu ndi umodzi. Ndinatuma azakhali anga ku pulazi imene anachokera kuti akamve ngati anasiyako mkazi kapena mlandu. Anabwera chimanjamanja, atangomva kuti kumenekonso anasiyako chitini. Ndinalola. Ameneyo ndiye munthu amene mukuti anali woiwala.

Macheke, ufulu utangobwera

Tinasamukira ku Macheke Joji akuyamba kuyenda, pamodzi ndi makolo anga. Pulazi imeneyo inkalima chimanga cha mbewu, chija chimalowa m'matumba ndi kugulitsidwa kwa alimi dziko lonse. Ntchito yake siyofanana ndi kulima chimanga chodya. Mumabzala mizere yaikazi ndi mizere yaimuna, ya mitundu iwiri yosiyana. Mizere yaikazi mumaizula ngayaye zonse zisanayambe kuwaza mungu, kuti ndevu zake zilandire mungu wa mizere yaimuna yokha. Ngayaye zikatsalira, kapena mungu wachilendo ukalowa, mbewuyo ndi yabodza: mlimi adzabzala akukhulupirira thumba, koma m'munda mudzatuluka zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zosabereka. Ine ndinkatsogolera gulu la amayi ozula ngayaye. Iwo ankayenda patsogolo, ine pambuyo, mame atatinyowetsa mpaka m'khosi, masamba akutichekacheka m'mikono. Nthawi ya ngayaye woyendera wa boma ankabwera osalengeza. Zaka zonse zimene ndinatsogolera gululo sanapezepo ngayaye yotsalira m'mizere yanga, ndipo chaka china anandiyesa dala, anabisa ngayaye yodula m'kati mwa phesi. Ndinakamupatsa m'manja ndisanamupatse moni.

Pakona pa pulazi panali kamunda kotchinga ndi waya, ka a Dokotala, munthu wakuda mnzathu wochokera ku Harare amene ankapanga mitundu yatsopano ya chimanga. Ankabwera kawiri pa mwezi. Masiku ena onse kamundako kanali m'manja mwa amuna anga. Madzulo ankaveka ngayaye iliyonse thumba la pepala. M'mawa mame atauma ankagwedeza thumbalo, kuthira munguwo pa ndevu za chimanga chimene a Dokotala analamula, kuphimba, ndi kulemba nambala. Mizere inalipo yambirimbiri, wina wochokera dziko ili, wina dziko lija, ndipo iwo ankaidziwa yonse pamtima ngati mayina a ana a mu komboni. A Dokotala anawapatsa khoti loyera. Anthu anayamba kuwaitana a Sayansi, poyamba mwachipongwe, kenako mwaulemu, mpaka abusa ankawatchula choncho paguwa. Khotilo ndinkalichapa ndine Loweruka, palokha, ndipo poyanika ndinkakhala pomwepo mpaka liume.

Chaka china matumba a pepala aja anasowa. Galimoto ya ku Harare inabwera yopanda kanthu, chimanga chili pafupi kumasula, ndipo a Dokotala anati ntchito ya chaka chonse yapita pachabe. Ine ndinatola matumba a simenti kumene ankamanga nkhokwe, ndinachotsa pepala lapakati loyera bwino, ndinalidula ndi mpeni, ndinamata ndi phala la ufa. Zomangira tinalibe, tinabaya ndi minga ya mthethe. Mvula inagwa, matumba anga sanasungunuke. A Dokotala ataona anavula chipewa nati, "Amai Joji, mukanapita kusukulu bwenzi ine ndikukunyamulirani chikwama." Ndinayankha kuti chikwama changa sindipatsa munthu.

Lamulo lalikulu pa pulazipo linali limodzi. Munthu wa mu komboni asabzale chimanga, ngakhale phesi limodzi. Mbatata, maungu, ndiwo zamasamba, zonsezo ankalola. Koma wopezeka ndi chimanga ankakwezedwa lole ndi banja lake lonse, kukatsitsidwa pa msewu waukulu, ndipo manijala, amene tinkamutcha Mafulumira, ankaitanitsanso apolisi. Kwa ife a makolo ochokera ku Malawi, msewu waukulu sunkapita kulikonse. Kumudzi kokalima tinalibe. Bambo anga analibe ndi chitupa chomwe, chinapsa ndi nyumba kalekale. Anali atakalamba, ntchito atasiya, akungowedza nsomba pa damu. Amayi anamwalira chaka chathu chachitatu pamenepo, ndipo manda awo anali kuseri kwa mabulugamu. Bambo ankapitako Lamlungu lililonse kukazula udzu ndi kukawauza amayi nkhani za mu komboni.

Macheke, chaka cha njere zakuda

Mwezi wa February bambo anabwera ndi chimanga chachiwisi atachiwotcha kale, chokulunga m'saka. Anati agula kwa anthu a ku ruzevha, kumidzi ya kutsidya. Chinali chokoma ndi chonata, chosiyana ndi cha pa pulazi. Ine amene ndinafufuza mwamuna miyezi isanu ndi umodzi, ndinadya ziwiri osafunsa kanthu. Cholakwa changa ndi chimenecho, ndipo ndachilemba ndi dzanja langa.

Titakolola tinalowa mu shedi kusenda ndi kusankha. Tsiku lachiwiri mayi wina anakuwa, "Amai Joji, taonani chimanga chovala mikanda!" Pakati pa njere zoyera panali zitatu zakuda ngati zaviikidwa mu inki. Chotsatira chinali ndi zisanu. Zonse zinkachokera ku munda wa mbali ya kumtsinje. Folomani Jairosi anabwera mothamanga, anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Amai Joji, musapange phokoso. Chotsani zakudazo ndi chala, ziponyeni pamoto. Woyendera akubwera mawa. Ndani adzadziwa?"

"Zakuda ndi zimene zadziulula, a folomani. Nanga zoyera zimene zalandira mungu womwewo?"

"Inu ndinu boma? Munda ukakanidwa, komboni yonse idzakulozani chala."

Ndinati ndiyankha tikadya. Sindinadye. Mtundu umenewo ndinali nditaumvapo m'kamwa mwa bambo, chisowa, chimanga cha kwawo cha njere zosakaniza, chimene ankati chimakonoleka bwino ndipo anankafumbwe amachiopa. Ndinakumbukiranso kuti chaka chapitacho kunabwera mlendo wa ku Dedza pa maliro ena, ndipo anagona kwa bambo. Ndinalowa m'nyumba mwawo iwo ali ku damu, ndinayang'ana kudenga. Zimanga za chisowa zinali pamenepo, zomangidwa ndi makoko ake, utsi utazidetsa. Ndinatsikira kumtsinje, kupyola mabulugamu, ndipo m'kati mwa bango ndinapeza kadimba ka mapesi ouma, kakang'ono ngati mphasa zinayi. Kuchokera pamenepo munda wa mbewu unkaoneka bwinobwino.

Amuna anga ndinawapeza m'kamunda kawo akulemba manambala pa timatumba. Ndinawapatsa chimanga chija. Anachitembenuza, anatsegula kabuku kawo, anawerenga pang'ono.

"Sabata imene munda uja unkatulutsa ndevu, mphepo inkachokera kumtsinje masiku atatu. Kuli chiyani kumtsinje, mayi a Joji?"

Ndinawauza zonse. Ndinati, "Ndikakhala chete, mbewu yabodza ilowa m'matumba, ndipo ndine ndaisindikiza. Ndikalankhula, bambo akwera lole, mwinanso ya apolisi. Adzafera kutali ndi manda a amayi."

Anakhala pa ndowa. "Inuyo mukufuna kutani?"

"Munda uja sindiubisa. Ngakhale mundisiye ukwati."

"Ndimadziwa. Kanenani. Koma akafunsa kumene munguwo wachokera, muwasiyire ine." Analoza ndi pensulo mizere iwiri ya kumapeto, ya chimanga chakuda chimene a Dokotala anabweretsa kuchokera kunja. "Imeneyo ndikanapanda kuiphimba, njere zake zikanatuluka chimodzimodzi."

"Simunaiphimbe?"

"Ndinaiphimba yonse."

Atatero anang'amba masamba atatu m'kabukumo, a masiku amenewo, pamene analemba thumba lililonse limene anaveka. Anandipatsa kuti ndikawotche. Sindinawotche, ali pansi pa sutikesi yanga mpaka lero. Ndinawauza kuti zimenezo ndi misala, kuti khoti lija analipeza ndi mutu wawo, palibe anawapatsa ulere. Anati, "Wantchito akalakwitsa amangotsitsidwa udindo. Wobzala chimanga amathamangitsidwa. Inu werengani bwino." Ndikanatha kukana. Ndikanatha kupita ndekha kwa Mafulumira ndi kutchula dzina la bambo anga, popeza ndi chimene chinali choona. Ndinaima pa waya paja mpaka belu linalira, ndipo ndinasankha kuti mwamuna wanga anyozeke kuti bambo anga akhale. Musanene kuti anasankha okha. Tinali awiri.

M'mawa mwake ndinayala zimanga khumi pa tebulo pamaso pa woyendera, Mafulumira ali pomwepo, a Dokotala atawaitanitsa pa lamya. Mafulumira anafiira mpaka m'makutu. Munda wonse wa kumtsinje unakanidwa pomwepo, kuti chimangacho chipite kwa ng'ombe. Kenako Mafulumira anafunsa kumene mungu unachokera, ndipo anali atauza kale alonda kuti akasake mu komboni. Amuna anga anaima.

"Bwana, musavutitse anthu. Ndine. Mizere yakuda ija ndinaiwala kuiphimba masiku atatu."

A Dokotala anavula magalasi. "Chisale, iwe? Kuiwala?"

"Ndinaiwala, bwana."

"Buku lili kuti?"

Anawapatsa. A Dokotala anafika pong'ambika paja, anaima, anayang'ana amuna anga, kenako anayang'ana ine. Woyendera anandifunsa ngati ndinaona ngayaye zosaphimba. Ndinati, "Ntchito yanga ndi mizere yaikazi. Kuwaya sindilowako." Linali bodza losavala malaya, chifukwa matumba aja ndinkamata ndine, ndipo a Dokotala ankadziwa. Koma sanandiulule. Mafulumira analamula kuti khoti livulidwe pomwepo, anthu onse a mu shedi akuona. Amuna anga anachotsa pensulo yawo m'thumba, anapinda khotilo bwinobwino, manja ake m'kati, nalipereka ndi manja awiri.

Macheke, zaka zisanu ndi chimodzi za mapaipi

Anawatumiza kukanyamula mapaipi othirira. Munthu wa pensulo, phewa linatupa sabata yoyamba. Dzina la a Sayansi linafa, m'malo mwake kunabadwa a Ayiwala. Akamadutsa pa bala anyamata ankakuwa, "A Ayiwala, mwakumbukira buluku lero?" Iwo ankayang'ana pansi ngati akutsimikiza, nkuyankha, "Lero ndakumbukira, zikomo." Ine amayi a m'gulu langa anatha nyengo yonse osandibwereka ngakhale mchere. Joji anabwera kuchokera kusukulu kawiri mlomo utang'ambika chifukwa chomenyera dzina la bambo ake. Kachitatu sanamenyenso, ndipo ndinaona kuti wayamba kuyenda patali nawo popita ku tchalitchi.

Panatsala mbewu ya kudenga ija. Ndinadikira bambo apite ku damu, ndinatsitsa zonse, ndinatong'ola, ndinapita nazo ku chigayo. Patapita masiku atatu anabwera pakhomo panga ndi ndodo yawo.

"Nambewe, chimanga changa chili kuti?"

"Mwadya dzulo ndi dzana, bambo. Munati ufa wake ndi wabwino."

Anatembenuka, napita. Sanaponde m'nyumba mwanga mpaka mvula yoyamba. Chifukwa chimene ndinachitira zimenezo sindinawauze, amuna anga anali atandiletsa. Anati nkhalamba ikamva idzapita yokha kwa Mafulumira kukaulula, ndiye zonse zidzakhala zachabe. Bambo ankakhulupirira kuti chimanga sichiwoloka mitengo, ndipo mlandu wa mkamwini wawo anaulandira monga anaulandirira aliyense. Tsiku lina titachoka ku tchalitchi, pamaso pa alendo, anati, "Mkamwini, khoti limafuna mutu. Mwatichititsa manyazi." Amuna anga anagwira chipewa pachifuwa nati, "Zoona, bambo." Ine ndinatenga ndowa kupita ku mpope, mitsuko yonse ili yodzaza.

Bambo anadwala m'nyengo yozizira ya chaka chachisanu ndi chimodzi. Masana ena ali padzuwa pa mphasa anaitanitsa mkamwini wawo kuti akhale pafupi, chinthu chimene sanachitepo. Ine ndinali pa khonde ndikupeta, makutu ali kumeneko.

"A Chisale, chaka chija, mphepo ija inkachokera kumtsinje, eti?"

"Sindikukumbukira, bambo. Pajatu ine ndimaiwala."

Bambo anawagwira dzanja, osalisiya. Ngati anadziwa tsiku limenelo kapena anadziwa kale, sindingalumbire. Tinawayika pafupi ndi amayi, kuseri kwa mabulugamu.

Beatrice, zaka za mkaka ndi zaka za njala

Maliro atatha tinachoka. Ku Beatrice ndinalowa ntchito pa pulazi ya ng'ombe zamkaka, poyamba kutsuka zigubu, kenako kupenda mkaka usanakwere lole. Okama ena ankaba mkaka ndi kudzaza madzi. Ndinkadontheza dontho pa chikhadabo, likathamanga ndadziwa. Kumenekonso sindinapeze anzanga ambiri, koma lole sinabwezepo chigubu changa. Amuna anga ankathirira msipu. Ndinawauza kuti tsopano bambo apita, tiwauze ana. Anakana. Anati, "Adzada agogo awo ali m'manda, pamene sangathe kudziyankhira. Ine ndazolowera."

Nthawi imene mapulazi anasintha manja tinatsala pomwepo, ndipo ndinagwirira mwini watsopano mpaka mawondo anakana. Zinabwera zaka zija za mashelefu opanda kanthu, pamene mbewu ya m'thumba inasowa ngakhale uli ndi ndalama zodzaza chikwama. Pamenepo anthu anadziwa amene ankakhala naye. Amuna anga anayamba kuyenda m'timinda ta anthu, a mu komboni ndi obwera kumene omwe, kuwaonetsa phesi loyenera kusungira mbewu, la pakati pa munda osati la m'mphepete, kulimanga kansanza lisanaume, ndi kusankha njere za pakati pa chitsononkho. Matumba a pepala ndinayambanso kumata. Midadada itatu inabzala mbewu ya m'manja mwawo zaka zimenezo, ndipo inakolola. Sanalipiritse munthu. Atamwalira kunabwera anthu amene sindinawaonepo, Ashona, Achewa, Asilamu a ku mzikiti wa pa mgodi, ena atasenza chimanga pamutu. Joji anafika kuchokera ku Harare mwambo uli pakati, ndipo anandifunsa kuti anthu onsewa ndi a ndani.

Beatrice, chaka chino

Ndaswa lonjezo, ndikudziwa. Ndakhala nalo zaka zambiri kuposa zimene ena a inu mwakhala ndi moyo, ndipo ndikanapita nalo kumanda bodza lija likanakhala loseketsa anthu a pa bala okha. Koma Tariro akuti makatuni ake amaonedwa ndi ana mpaka ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo anauza kale anzake kuti bambo wa magalasi uja ndi agogo ake. Bambo a Joji analola kusekedwa ndi komboni imodzi. Sindikukhulupirira kuti analola kusekedwa ndi zidzukulu za zidzukulu zawo. Ngati ndalakwa, tikakambirana konko.

Iwe Tariro, ntchito yako sindikuiletsa. Dzanja lako ndi labwino, ndipo paja mbuzi inameza makiyi a galimoto ndinaseka, ngakhale ndinatembenukira kukhoma. Bambo wa m'katuniyo ndi wako, umujambule mmene ufunira. Koma wandifunsa kumene anachokera ndi mmene anayambira kuiwala, ndipo ndakuyankha. Ukamupatsa mbiri yake, botolo lija alitseke bwinobwino, ndi manja ake, ana aone. Wina alitsegule, wina amene iye amamukonda. Ndipo wotsegulayo usamujambule ndi mano akuthwa. A Mbewe sanali mfiti. Anali munthu wokalamba amene anafuna kulawanso chimanga cha kwawo asanafe. Ukamaliza undionetse ndisanamve kwa ena, chifukwa anzako ogwira nawo ntchitowo sindikuwadziwa makolo awo.

Iwe Joji, sindikukuimba mlandu. Unali mwana, unamva zimene aliyense ankanena, ndipo amene akanakuuza zoona tinali chete. Koma pepala ili silikupeza pa foni. Ubwere ulitenge, ukhale pa mpando wa bambo ako, uliwerenge mokweza kuyambira pa Raffingora mpaka pano, ine ndikukuyang'ana nkhope. Ukafika pa shedi paja usathamange.

Ndi inu nonse amene mudzawerenga, ana, zidzukulu, ndi ana a amene tinazula nawo ngayaye, ndikadali kuno ku Beatrice, nyumba yachiwiri kuchokera pa thanki, ya chitseko chobiriwira. Mawondo sandifikitsanso pa msewu wokwerera makombi, ndipo maso ayamba kuona utsi. Muzindizonda. Kuimba foni sikuzonda, ndipo kutuma munthu ndi phukusi sikuzonda, ndimabweza. Mubwere dzuwa likadalipo, muime pa geti, mutchule dzina lanu ndi la amayi anu. Ndikachedwa kutsegula musachoke. Ndimakhala ndili pa zenera, ndakuonani kale.